Mzere wa Pakati

"Chotsani tsambalo pamalayapo, bambo a Lettie. Ndati chotsani!"

Enifa analankhula asanatule n'komwe ndowa, madzi akumudonthera m'khosi. Mwamuna wake Jailos anali pakhonde, lilime kunja, akulimbana ndi phini kuti abaye tsamba la m'bawa pathumba la malaya ake a kutchalitchi.

"Tulani kaye madziwo, amake Lettie. Munthu sakalipa atasenza."

"Lero ndikalipa nditasenza. Mukudziwa zimene ndamva dzulo kumsika ku Limbuli? Mayi wogulitsa matemba kungondiona, akuti, 'Afika a chipani cha masamba!' Anthu n'kufa nacho chiseko. Ine sindinaseke."

"Nthabwala za kumsika zimenezo."

"Nthabwala? Dziko lino chipani n'chimodzi, ngakhale mwana wa sitandade wani akudziwa. Anthu akukwezedwa galimoto ya kundende chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewa, inu n'kumayenda ndi chizindikiro pamtima ngati msilikali."

"Si chipani ichi, ndi bungwe la mitengo. Boma lomwelo ndi limene linatiuza kuti tiyambitse. Tsambali ndi nzeru za chisankho basi. Ndikufuna ndidziwe anthu anga ndi ati, a achimwene anu ndi ati. Wovala tsamba ndi wanga."

"Nanga ine amene sindinavale?"

"Nkhani ndi imeneyotu," anatero Jailos, phini atamuluma pakamwa. "Mkazi wa tcheyamani kumayenda wopanda tsamba, anthu aziti chiyani?"

Kumtunda kwa mudzi wathu, pamene minda ya chinangwa imathera ndi phiri la Mulanje kuyambira, pali kankhalango ka mibawa ndi mikuyu. Pansi pa mitengo imeneyo ndi pamene pamatuluka kasupe wa Nakhonyo amene tonse timamwa. Midzi yoyandikana nafe inadula mitengo yake kalekale, ndipo chilimwe chikafika akazi akumeneko amabwera kwathu ndi zidebe, nkhope zili zamanyazi. Mlangizi wa zankhalango atabwera ndi mawu akuti mudzi uliwonse ukhale ndi bungwe losamala mitengo, ife tinasankha Jailos, kapitawo wa othyola tiyi kuesiteti, chifukwa ankadziwa kukalipa. Mitengo anaisamaladi, m'bawa ngakhale umodzi sunagwe. Koma munthuyo ukapitawo wa kuesiteti anabwera nawo kumudzi. Mayi akapezeka ndi nkhwangwa m'nkhalangomo, ngakhale akutema nthambi youma yogwa yokha, nkhwangwa inkalandidwa. Kuseri kwa chitseko chake kunadzaza nkhwangwa kuposa kwa wosula zitsulo, ndipo ina mwa izo inali ya mkazi wake yemwe.

Tsopano nthawi ya chisankho inali itakwana, ndipo amene anadzuka kuti alimbane naye anali mlamu wake Bonface, mchimwene wa Enifa wa bere limodzi.

"Ndiuzeni poyera," anatero Jailos mkazi wake atatula ndowa. "Tsikulo mudzaima kumbuyo kwa ndani?"

Chisankho cha kwathu sichinali cha mapepala. Opikisana ankaima kutsogolo atafulatira anthu, ndipo aliyense ankanyamuka kukaima kumbuyo kwa amene akumufuna. Wa mzere wautali ndiye wapambana. Wopikisana saona, koma mudzi wonse umaona, ndipo mudzi suiwala.

"Mukundifunsa ngati kuti n'chinthu chapafupi," anayankha Enifa. "Uku mwamuna, uku achimwene. Pawiripawiri sipauzirika, bambo a Lettie. Njovu zanu ziwirizi, udzu wake ndine."

"Mkazi amaima kumbuyo kwa mwamuna wake."

"Mwamuna amene anamulanda nkhwangwa?"

"Lamulo ndi lamulo. Ndikanakusiyirani inu, amayi enawo akanati chiyani?"

"Ndiye pitani mukauze lamulolo likuphikireni. Ine nkhuni zandithera."

Jailos anadzuka, tsamba lili pamtima, n'kupita kukayendera anthu ake.

Patapita masiku angapo, Enifa ali kuseri kwa nyumba akusonkhezera mphika wa nyemba za kalongonda ndi mapesi a nandolo, kunamveka belu la njinga. Anali Bonface, njinga yake yatsopano ikuwala mpaka mapulasitiki a pachishalo asanachotse. Munthu amene chaka chatha ankabwereka khasu kwa mlongo wakeyo.

"Alamu alipo?"

"Ali kuntchito, achimwene. Khalani pampandopo."

"Bola. Ndimafuna iweyo." Anakhala, n'kuvundukula mphika osapempha. "Loweruka la mawa lija ndi tsiku. Udzayambe ndiwe kunyamuka, anthu aone kuti mbumba yathu ili pamodzi. Ukanyamuka iwe, amayi onse atsatira."

"Njingayi mwaipeza bwanji, achimwene?"

"Ndakufunsa za njinga?"

"Ine ndi amene ndafunsa. Anthu akuti mwagwirizana ndi ocheka matabwa a ku tauni."

Bonface anaseka. "Anthu! Mvera kuno, Enifa. Nkhalango ija ndi ya makolo athu. Anaisiya ndi agogo ako ndi agogo anga, osati agogo a Jailos. Iye anabwera kuno ndi kasutikesi kamodzi kudzakwatira. Mkamwini asamakule mwendo. Lero akutiletsa ife eni ake kudya za kwathu? Mibawa ija yakalamba, ikungodikira chiswe. Tikacheka ingapo, mudzi uno ukhala wa malata."

"Nanga madzi?"

"Madzi amachokera kuphiri, sachokera ku mtengo."

"Kwa anzathu kuja phiri linasamuka kodi? Nanga akazi awo akudzatunga kuno bwanji?"

"Wayamba kulankhula ngati mwamuna wako." Bonface anatsitsa mawu, n'kusendeza mpando. "Ndikuuze chinthu chimodzi chifukwa ndiwe mlongo wanga. Tsiku la chisankho kubwera mlendo, mkulu wa chipani wa dera lino. Ndamuitana ndine. Ndamuuza kuti kuno kwabadwa kachipani kena, kali ndi chizindikiro chake, kali ndi mtsogoleri wake. Akubwera kudzaona ndi maso. Amene adzaime kumbuyo kwa munthu wa tsamba, adzakhala wadzionetsa yekha."

Mthiko unagwa m'manja mwa Enifa. "Achimwene! Mwapereka bambo a ana anga?"

"Sindinapereke munthu. Tsambalo ndinamubaya ndine? Akangosiya mpandowo, ine ndidzauza mlendoyo kuti zinatha, anali masewera. Akakakamira, choipa chitsata mwini."

"Lettie ndi mphwake akadzakufunsani kuti amalume, atate athu ali kuti, mudzati chiyani?"

"Ndidzawalera. Si ntchito ya malume imeneyo? Chibale ndi fupa, Enifa, sichiola. Banja limatha, mawa lomwe ukhoza kukwatiwa ndi wina. Mchimwene sungamupeze kumsika."

Anatola kalongonda wodzaza dzanja m'mbale ya pambali, wosapsa bwino, n'kukwera njinga yake. Enifa sanamuchenjeze kuti kalongonda wosapsa amazunguza mutu. Ndikanakhala ine, sindikanamuchenjezanso.

Mawu aja sanachedwe kuzungulira mudzi, chifukwa Bonface anawasiya dala pamowa. Pofika Lachiwiri masamba anali atayoyoka pamalaya a anthu ngati kwadutsa mphepo ya mwezi wa Ogasiti. Elson, mlembi wa bungwe, amene ankavala masamba awiri kuti aoneke wokhulupirika kwambiri, anayamba kudwala mutu nthawi iliyonse Jailos akatulukira. Ena ankapatuka kulowa m'chinangwa. Amuna a m'mudzi mwathu ndimawadziwa, pamowa ndi mikango, koma akamva kuti kukubwera galimoto amasanduka nkhuku zonyowa. Sindikuwanyoza kwenikweni. Masiku amenewo mantha sanali uchitsiru.

Lachinayi m'mawa Enifa anapeza amayi ambiri pakasupe, ndipo atangofika nkhani inaduka. Mwanaisha, mayi wa zitumbuwa amene amakhala kufupi ndi mzikiti, ndiye anaswa chete.

"Bwerani, amake Lettie, musaime patali ngati mlendo. Timanena za inu nomwe, tisakunamizeni."

"Nenani, ndamva zambiri kale."

"Timati amuna athu atiika pakati pa moto ndi madzi otentha. Tikaima kwa amuna anu, galimoto. Komanso, pepani, amuna anuwo atizunza. Nkhwangwa yanga yatha miyezi ili kwanu, ndikukazinga zitumbuwa ndi zitsononkho. Tikaima kwa achimwene anu, kasupeyu titsanzikane naye."

"Mwina akungonena, sadula," anatero mayi wina.

"Akungonena?" Amene anayankha anali Janeti, mkazi wa Bonface, amene anabwera kwathu pa chitengwa ndipo kawirikawiri sankalankhula pagulu. Anayang'ana uku ndi uku. "Kwerani pamwambapa muone. Dzenje la macheka akumba kale kuseri kwa mwala uja, aphimba ndi masamba. M'bawa waukulu uwu, uwu tatsamirawu, ausema kale chizindikiro. Akuti ayambira umenewu chifukwa ndi wa matabwa ambiri."

Onse anatembenuka. Pathunthu la mtengowo, kumbali ya kuphiri, panalidi bala latsopano la chikwanje, utomoni wofiira ukutsika. Pansi pake penipeni, pakati pa mizu, ndi pamene madzi ankatumphukira.

"Mwamuna ndi wanga," anapitiriza Janeti, "koma iye sanasenzepo ndowa. Kwathu kumene ndinachokera timadzuka nkhuku zisanalire kukafukula mchenga kufuna madzi. Sindinakwatiwe kuno kuti ndidzayambirenso zimenezo."

Enifa anakhala pamwala, manja m'masaya. "Ine ndiye nditani, amayi? Ndikapita kwa bambo a Lettie, ndawathandiza kukwera galimoto. Ndikapita kwa achimwene, ndadula mtengo uwu ndi dzanja langa. Ndaganiza zongothawira kwa Milonde kwa achibale mpaka zithe."

"Iyayi, kuthawa ayi," anatero Mwanaisha. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene timamva ludzu la kasupeyu ndife. Inu mudzabwere basi. Ndipo poti kukubwera mlendo wamkulu, tonse tidzavale nsalu ya chipani monga timachitira alendo akabwera. Asadzapezeke wina wavala zake."

"Zithandiza chiyani zimenezo?"

"Kulemekeza mlendo kumafuna chifukwa? Senzani, dzuwa lakwera."

Enifa atachoka, amayi aja anatsalira, mitu pamodzi. Iye anaganiza kuti akumudya miseche, ndipo anafika kunyumba mtima uli kuwawa.

Loweruka m'mawa kunacha kotentha, kuja kumati ukaponda pabwalo fumbi limakuotcha kuphazi. Enifa anapeza mwamuna wake wavala malaya a kutchalitchi aja, tsamba latsopano pathumba, ndipo pamwamba pake jekete lochindikala limene ankavala nthawi ya chiperoni.

"Jekete kutentha konseku?"

"Ndi ulemu wa msonkhano."

"Musandipusitse, bambo a Lettie. Ndakhala nanu zaka zonsezi." Anamugwira dzanja. "Ndikugwadirani. Siyani mpandowu. Mukangonena kuti ndasiya, achimwene auza mlendoyo kuti zinali zocheza."

"Ndisiye, Lolemba macheka alire? Mwaliona bala lija pa m'bawa?"

"Ndaliona."

"Ndiye mukuti ndisiye?"

"Chotsani tsamba lokhalo."

Jailos anakhala pabedi. Kwa nthawi yoyamba m'masabata onsewo sanalankhule ngati kapitawo. "Ndikachotsa lero, ndiye kuti ndavomera kuti linali ndi mlandu. Ndinalakwa, amake Lettie, ndikudziwa. Ndimayesa ndachenjera. Ndimati ndiwerenge anthu anga, osadziwa kuti ndikuwerengera alamu. Koma pafika apa, ndikaima. Kukapanda woima, iwo adutsa opanda wotsutsa."

"Nanga akakutengani?"

"Mudzauze ana kuti atate awo sanabe kanthu." Anadzuka, n'kukonza kolala. "Inu musadzaime kumbuyo kwanga. Ndakumasulani. Ana asasowe makolo onse awiri."

Enifa akanakonda akanamukalipira monga mwa masiku onse. Zimenezi ndiye zinamupweteka koposa.

Msonkhano unali pabwalo la sukulu, pansi pa mitengo ya mango. Mudzi wonse unabwera, ngakhale amene sanadzalepo mtengo chibadwire. Amayi anakhala mbali yawo, onse mu nsalu ya chipani, mpaka mipango kumutu. Kutsogolo kunali tebulo, ndipo pamenepo panakhala a Hudson, mlangizi wa zankhalango, ndi mlendo uja, bambo wonenepa wa suti yakuda amene ankangodzipepesa ndi chipewa. Anyamata ake awiri anaima kumbuyo kwake. Galimoto inaima pamthunzi, yoyang'ana kumsewu.

Titatha kuimba ndi kuonetsa makadi a chipani, a Hudson anaimirira. Anali munthu wosakonda mikangano, ndipo tsikulo thukuta linkawatsika kuposa tonse.

"Mwambo mukuudziwa," anatero. "Wofuna mpando aima kutsogolo kuno, kuyang'ana kuphiri, osacheuka. Inu mukaima kumbuyo kwa munthu amene mukumufuna. Amene mzere wake utalike, ndiye tcheyamani. Tamvana?"

"Tamvana!"

Bonface anapita kukaima kumanja, akumwetulira. Jailos anaima kumanzere mu jekete lake, msana uli chilili. Pakati pawo panatsala mpata woti ngolo ikhoza kudutsa.

"Nyamukani!"

Palibe ananyamuka. Amuna ankayang'ana pansi, ena kukanda m'zigongono. Kenaka anyamata amene Bonface ankawamwetsa anadzuka mwaulesi n'kukaima kumbuyo kwake, ndipo amuna ena angapo anawatsatira, akuponya maso kugalimoto. Elson mlembi anali m'gulu limenelo, mutu wake utapola mwadzidzidzi. Kumbuyo kwa Jailos kunalibe ngakhale galu.

Amayi onse anali chikhalire, maso pa Enifa.

"Tiyeni amayi, dzuwa likutentha," anatero a Hudson.

Mwanaisha anamugunda Enifa ndi chigongono. "Yambani inu. Nkhani ndi ya m'nyumba mwanu."

Enifa anadzuka.  Anayang'ana msana wa mchimwene wake, amene anamubereka kumbuyo ali mwana powoloka mtsinje kupita kusukulu. Anayang'ana msana wa mwamuna wake, jekete litanyowa kale ndi thukuta pakati pa mapewa. Anayenda molunjika, akuti mwina mwendo usankha wokha, koma mwendo sunasankhe. Anafika kutsogolo, pakati penipeni pa awiriwo, n'kuima. Kumanja sanathe, kumanzere sanathe. Anangoyang'ana phiri, misozi ikutsika, akudzitukwana mumtima kuti wachititsa manyazi mbumba yonse.

Kenaka anamva mpweya wa munthu pakhosi pake, ndi fungo la mafuta a zitumbuwa.

"Musacheuke," ananong'ona Mwanaisha. "Mwambo sulola."

"Mukutani, amayi inu?"

"Ndaima kumbuyo kwa munthu amene ndikumufuna. Yang'anani kuphiri."

Kumbuyo kunamveka nsalu zikupukutika ndi mapazi ambiri. Amayi anadzuka onse ngati mbalame za mumpunga. Janeti anadutsa pafupi ndi mzere wa mwamuna wake osauyang'ana n'komwe, n'kukaima wachitatu. Anabwera azakhali a Bonface, anabwera amayi a mvano, anabwera amayi achisilamu a kumsika, anabwera ndi nkhalamba zoyenda ndi ndodo. Mzere unadutsa mitengo ya mango, n'kukhota pa mbendera ya sukulu. Amuna amene anali atakhalabe pansi anaona kuti kwapezeka pobisala pabwino, anathamangira komweko. Ngakhale ena a mzere wa Bonface anayamba kusuntha pang'onopang'ono cham'mbali, ngati akuthawa nyerere, mpaka anapezeka ali pakati.

Bonface anamva kuti kumsana kwake kwapepuka. Anaswa mwambo n'kucheuka.

"Chimenechi n'chiyani? A Hudson! Ameneyu sakupikisana nawo! Palibe anamutchula!"

A Hudson anapukuta nkhope. Ndikhulupirira kuti mumtima ankavina, koma anayankha mofatsa. "Ine ndinati wofuna mpando aime kutsogolo, anthu aime kumbuyo kwa amene akumufuna. Mayiwa aima kutsogolo. Anthu aima kumbuyo kwawo. Ndalakwitsa pati?"

"Iyeyu safuna mpando! Enifa, uwauze kuti sukufuna!"

 Enifa anapukuta misozi ndi nsonga ya nsalu. Kutsogolo kwake, kumtunda, nsonga za mibawa ya pa Nakhonyo zinkaoneka zobiriwira pakati pa minda youma.

"Pobwera sindimaufuna, achimwene," anatero osacheuka. "Panopa ndikuufuna."

Nthungululu zinaphulika mpaka ana anathawa m'mitengo ya mango.

Apo mlendo uja anaimirira, ndipo phokoso linazima ngati wathira madzi pamoto. Anayenda pang'onopang'ono kutsata mzere wa pakati, manja kumbuyo, akuyang'ana nsalu za amayi, zonse za chipani chake chomwe. Anabwerera kutsogolo n'kuima pamaso pa Bonface.

"Bambo, munandiuza kuti kuno kuli chipani china. Ndawotcha mafuta a galimoto kubwera kuno. Ine ndikuona amayi athu okhaokha. Chipani chanucho chili kuti?"

 Bonface analoza ndi maso kumanzere, kumene Jailos anaima yekhayekha, akuyang'anabe kuphiri monga mwa mwambo, osadziwa chimene chachitika kumbuyo kwake. Mlendo anapita kukamuzungulira. Anayang'ana jekete, anayang'ana nkhope, kenaka anayang'ana tsamba lija, limene dzuwa linali litalifotetsa mpaka kupindika ngati fodya.

"Ichi n'chiyani?"

"Tsamba la m'bawa, bwana," anayankha Jailos, mawu ali gwa. "Mtengo umene boma linati tisamale."

"Anthu anu ali kuti?"

Jailos anacheuka tsopano. Anaona kumbuyo kwake kuli mbee. Anaona mzere wautali uja, ndipo kutsogolo kwake mkazi wake. Anayang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene wadzuka kutulo pamalo achilendo.

"Ndilibe anthu, bwana," anatero. "Nanenso ndine munthu wa amayiwa."

Anachotsa phini, tsamba linagwa pafumbi, ndipo anayenda ulendo wonse wa mzerewo, kudutsa amayi onse amene anawalanda nkhwangwa, mpaka kukaima kumapeto kwenikweni, kumbuyo kwa nkhalamba ina yogontha.

Mlendo anatembenukira kwa Bonface. "Chipani cha munthu mmodzi, amenenso wathawamo? Kapena mtsogoleri wake ndi mayi awa? Nenani, galimoto ilipo. Ndi ndani wanu mayiwa?"

Bonface anayang'ana mlongo wake. Anayang'ana mkazi wake, ndi azakhali ake amene ankamuyang'ana ngati akumuyeza bokosi la maliro. Mlamu ukhoza kumupereka, mudzi n'kudzakukhululukira patapita zaka. Mlongo wa bere limodzi, pamaso pa mbumba yonse, ayi.

"Ndi mlongo wanga, bwana," anatero motsitsa. "Zinali nkhani za pamowa. Ndinamva molakwa."

"Tsiku lina mukadzamva molakwa, mudzakwera ndinu," anatero mlendoyo. Anauza amayi kuti apitirize kusamala mitengo, anavala chipewa chake n'kukalowa m'galimoto.

Palibe anasuntha mpaka fumbi la galimotoyo litazimirira kuseri kwa minda ya tiyi. Kenaka mudzi wonse unapuma mpweya umodzi, ndinaumva ndi makutu angawa. Amayi ena anangokhala pansi pomwepo n'kuyamba kuseka, kuseka kosatha kuja kumene kumabwera maliro akalephereka.

Madzulo omwewo, dzuwa lisanalowe, Enifa anatsogolera anthu kukakwirira dzenje la macheka. Bala la pa m'bawa analimata ndi dothi. Analamula pomwepo kuti nkhuni zouma zogwa zokha amayi azitola Lachitatu ndi Loweruka, koma mtengo wamoyo wosaukhudza, kaya ndiwe mkamwini kaya ndiwe mwini mbumba. Bonface sanabwere. Njinga ija eni ake, ocheka matabwa aja, anadzaitenga sabata yotsatira, ndipo anakhala mwezi osaponda pakhomo pa mlongo wake, kufikira tsiku limene anabwera kudzabwerekanso khasu.

Atafika kunyumba tsiku la chisankholo, Jailos anavula jekete n'kuliponya pabedi, n'kutuluka kukasamba. Enifa analitola kuti alipinde alibwezere musutikesi, ndipo anamva kuti matumba akulemera. Anapisa dzanja. Thumba lina munali kachidutswa ka sopo ndi mswachi. Linalo munali mtedza wokazinga womanga pakansalu, ndi kachithunzi ka Lettie ndi mphwake kamene kankakhala pakhoma.

Pabwalo paja sanalire mokweza, koma apa anakhala pansi, jekete lili pamiyendo, n'kulira mpaka mtima unatsika.

Jailos anamupeza choncho. Anaima pakhomo, thaulo pakhosi, osadziwa poika maso. Kenaka anakankha chitseko, nkhwangwa zija n'kugwa pansi zonse ndi phokoso.

"A tcheyamani," anatero, "izi ndibweze liti?"

Enifa anafinya mphuno, n'kupachikanso kachithunzi kaja pamsomali wake.

"Mawa m'mawa, khomo ndi khomo, mutasenza nokha. Koma yanga ndipatseni pompano, ndikuwazireni nkhuni. Mtedza wa kundende uja simudya lero."